Kangolo ka Adona: Mbiri ya Katebulo ka Matayala ku Kasungu

Sabata ino ndabwera ndi mbiri ya kanthu kakang'ono, kamene mwina ena munakaonapo pabalaza pa agogo kapena m'nyumba ya ahedi opuma ntchito koma osakalabadira. Ndi katebulo ka mashelefu awiri, kokhala ndi timatayala tinayi ndi chogwirira mbali imodzi. Azungu amakatcha tea trolley kakanyamula tiyi, ndipo kakanyamula mabotolo a mowa amati drinks trolley kapena bar cart. Kwathu ku Kasungu, pamudzi pa mayi anga, kalipo kamodzi. Pakhomo ponse timangoti kangolo ka adona.

Chandilembetsa nkhaniyi ndi mkangano wa pabanja. Agogo aakazi anatisiya chaka chatha, ndipo pogawa katundu kangolo kameneka palibe anakakumbukira. Msuweni wanga wokhala ku Lilongwe ndi amene anakajambula pafoni n'kuika chithunzicho pa Facebook. Sipanathe masiku awiri, mayi wina wokongoletsa malo odyera ndi ogona alendo anaimba foni, n'kutchula ndalama yoti munthu ungagule matumba awiri a feteleza. Amalume, eni mbumba, anati tigulitse msanga mvula isanagwe. Mayi anga anati kakatuluka pakhomo pano ndiye kuti bambo awo amwalira kachiwiri. Atandifunsa ine maganizo ndinasowa chonena, poti sindinkadziwa n'komwe kuti kanthu kameneka kanachokera kuti. Ndiye ndinayamba kufunsa akuluakulu ndi kuwerenga.

Gwero lake ndi tiyi wa masana wa ku England. Mbiri imati cha m'ma 1840 mayi wina wolemekezeka, Anna, mkazi wa Duke wa ku Bedford, ankamva njala pakati pa nkhomaliro ndi mgonero, poti mgonero wa anthu olemera unkachedwa kwambiri. Anayamba kuitanitsa tiyi ndi tizakudya cha m'ma 4 koloko, kenako n'kumaitana anzake, mpaka unasanduka mwambo wa dziko lonse. M'nyumba zikuluzikulu khitchini inkakhala kutali ndi pabalaza, ndiye makapu, tiyipoti, mkaka, shuga ndi makeke zinkafuna chonyamulira. Poyamba ntchitoyi inali ya thireyi ndi manja a antchito. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, atsikana ambiri a ku England anasiya ntchito za m'nyumba n'kupita m'mafakitale ndi m'maofesi. Mayi wapakhomo anatsala yekha, ndipo katebulo ka matayala kanafala kwambiri chifukwa kankamuthandiza kutenga zonse ulendo umodzi.

Ku America kangolo komweka kanapeza ntchito ina. Kuyambira 1920 mpaka 1933 boma la dzikolo linaletsa kupanga ndi kugulitsa mowa. Lamulolo litachotsedwa, kusakaniza zakumwa pamaso pa alendo kunyumba kunakhala chizindikiro cha munthu wotsogola, ndipo mabotolo anakwera pa katebulo kaja. Amisiri otchuka nawo anayamba kukapanga mwaluso. Alvar Aalto wa ku Finland anapanga kake ka matabwa opinda ndi matayala awiri akuluakulu mu 1936, ndipo mpaka lero kakupangidwabe. Pofika m'ma 1950 ndi 1960, tingolo ta galasi ndi zitsulo zonyezimira ngati golide tinali ponseponse m'mafilimu ndi m'magazini. Kathu ka ku Kasungu n'ka mtundu umenewo: miyendo yachitsulo chofiirira, shelefu yapamwamba ya galasi, yapansi ya thabwa yokhala ndi mabowo anayi oikamo mabotolo.

Apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene chinandikhalitsa pansi. Ku England kangoloka kanatchuka chifukwa antchito anasowa. Kuno ku Nyasaland antchito sanasowe, ndipo malipiro awo anali ochepa zedi. Mzungu ngakhale wa udindo wotsika ankakhala ndi khukhi, wochapa, wa m'nyumba ndi wa kudimba la maluwa. Choncho kangolo kamene kwawo kankakankhidwa ndi dona mwini wake, kuno kanapeza munthu wakuda wokakankha.

Tiyi anali wa konkuno. Mbewu yake inayesedwa ku Blantyre Mission mu 1878, ndipo m'ma 1890 minda yake inayamba ku Mulanje. Koma chakumwa chimene azungu a m'maesiteti ankachiyembekeza tsiku lonse chinali cha dzuwa likamalowa, chimene ankati sundowner. Nthawi zambiri chinali gin wothira tonic, madzi owawa aja okhala ndi kwinini, amene poyamba ankamwedwa poopa malungo. Ankamwera pakhonde, ndipo mawu akuti khonde anawalowetsa m'Chingerezi chawo osawasintha. Mowa umenewu Mwafrika sankaloledwa kugula. Mayiko a ku Ulaya atakumana ku Brussels mu 1890 anagwirizana zochepetsa malonda a mowa waukali m'chigawo chachikulu cha Africa, ndipo kwa zaka zambiri malamulo a atsamunda kuno ankaletsa kugulitsa mowa wachizungu kwa anthu akuda. Kachasu wathu nayenso anali woletsedwa. Ndiye taganizani, munthu ankadziwa muyezo wa gin wa bwana, ankadziwa kudula ndimu ndi kuswa madzi oundana, koma tambula yomweyo akanaiika pakamwa ukanakhala mlandu.

Agogo aamuna anaphunzira ntchito imeneyi ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Monga anyamata ambiri a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha 1953 mpaka 1963, anapita kukasaka ndalama ya msonkho ndi ya chovala. Ena anatsikira m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena m'mafamu kudzera ku Mthandizi, koma Anyasa ambiri ankadziwikanso ndi ukhukhi ndi uweta m'nyumba ndi m'mahotela a ku Salisbury, Bulawayo ndi Johannesburg. Agogo anabwerera kumudzi dziko litalandira ufulu mu 1964, ali ndi sutikesi, jekete ndi luso lophika zachizungu. Ankaganiza kuti za ukhukhi zatha. Sanadziwe kuti Rhodesia yomwe anaisiya ikuwalondola ku Kasungu.

Fodya ngwakale m'dziko muno. Anayamba kutumizidwa kunja mu 1893, kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe mu 1908, ndipo okushoni ya ku Limbe inayamba mu 1938. Ku Kasungu, bungwe la boma la Britain la Colonial Development Corporation linayesa kulima fodya wowamba m'mabalani kuyambira cha m'ma 1950. Koma chimene chinasinthiratu chigwa chonse ndi zimene zinachitika pa 11 November 1965, pamene Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzilamulira yokha popanda chilolezo cha Britain. Mayiko anaika ziletso pa malonda a Rhodesia, ndipo ogula fodya anayamba kuyang'ana kwina. Dr Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu komweko, anaona mpata. Makampani a General Farming ndi Press Farming anatsegula maesiteti ambiri, ena ongodziwika ndi manambala. Bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linkaphunzitsa Amalawi kulima fodya wowamba. Nduna, akuluakulu a chipani ndi mabwana a m'boma analimbikitsidwa kutenga malo ndi ngongole ku mabanki. Phindu limene ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, inkapeza pogula mbewu za alimi ang'onoang'ono pamtengo wotsika, lina linkathera ku maesiteti omwewa. Mlimi wa pamudzi sankaloledwa kulima bale kapena fodya wowamba pamunda pake, poti lamulo la Special Crops Act linasungira mbewu zimenezi eni maesiteti.

Eni minda atsopanowa ambiri analibe luso la fodya wowamba, ndiye ankalemba mamanijala, ambiri mwa iwo azungu ochokera ku Rhodesia. Anabwera ndi akazi awo, agalu awo, mafiriji oyendera palafini ndi mipando yawo. Kangolo kathu kanalowa m'Malawi pa lole ya katundu wa manijala wina wotero. Ankayang'anira esiteti ya bwana wina wa m'boma, Mmalawi mnzathu, kumadzulo kwa boma la Kasungu. Atafunsa ngati kuli munthu wodziwa kuphika zachizungu, kapitawo anatchula agogo.

Mayi anga anakulira kuseri kwa nyumba imeneyo, m'kanyumba ka antchito, ndipo amakumbukira zonse. Kangolo kankatuluka katatu pa tsiku: tiyi wa m'mamawa, tiyi wa 4 koloko ndi zakumwa za madzulo. Kamafuna pansi posalala, ndiye m'mawa uliwonse agogo ankagwada kupukuta simenti yofiira ndi polishi wa Cobra mpaka kudzionera nkhope. Timatayala ankatidonthezera mafuta ophikira kuti tisalire, chifukwa adona sankafuna phokoso. Iwo ankavala zoyera, koma m'nyumba ankayenda opanda nsapato kuti mapazi asamveke. Botolo lililonse adona ankalilemba kamzere ka pensulo pamene mowa walekezera, ndipo shuga ankatsekeredwa m'kabati, kiyi ili m'thumba mwawo. Agogo anali ndi ana asanu ndi imvi zoyamba, koma akamawaitana ankangoti "boy".

Kuchokera pakhonde limenelo munthu ankaona utsi wa mabalani amene ankadya nkhuni usana ndi usiku, ndi zigafa za bale, ndi mzere wa tinyumba taudzu ta matenanti. Ambiri mwa iwo ankachokera kummwera, ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Machinga, kumene malo olima anachepa. Tenanti ankapatsidwa chimanga, feteleza ndi makasu pangongole, n'kulima ndi banja lake lonse, ana omwe. Pokolola ankagulitsa fodya kwa mwini esiteti yekha, pamtengo wonena mwiniwakeyo, ndipo akachotsa ngongole ena ankatsala ndi ndalama yosakwana ndi ya basi yobwerera kwawo. Gin wa pa kangolo kaja ankagulidwa ndi thukuta limeneli. Mwini esiteti akabwera kuchokera ku tawuni kutha kwa mwezi, ankakhala pakhonde pomwepo, pa kangolo pali Malawi Gin ndi Carlsberg, yomwe fakitale yake inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968. Tsopano panalibenso lamulo loletsa munthu wakuda kumwa. Agogo ankakonda kunena akuseka kuti dzanja lolandira tambula linasintha khungu, koma wokankha anali yemwe uja.

Zinthu zinatembenuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mafuta a galimoto anakwera mtengo, mitengo ya fodya inatsika, chiwongoladzanja cha ngongole chinakwera, kenako nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala. Maesiteti ambiri analephera kubweza ngongole ndipo mabanki anawalanda. Esiteti ya agogo inali m'gulu limenelo. Manijala analongedza katundu kupita ku South Africa, antchito a m'nyumba asanalandire malipiro a miyezi itatu. Agogo atafunsa za ndalama zawo, bwana anati akafunse mwini munda, mwini munda anati akafunse banki. Tsiku lonyamuka, lole itadzaza, kangolo kanasowa malo. Adona anakakankhira kwa agogo n'kunena kuti atenge, ndi mphatso. Amalume, amene panthawiyo anali mnyamata, anapsa mtima nati akane. Agogo anangoti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno." Anabwereka ngolo ya ng'ombe, n'kukweza kangolo ka adona pamwamba pa mphasa ndi miphika, ulendo wa kumudzi kwa agogo aakazi, kumene iwo anali mkamwini.

Kumudzi kangolo kanasowa ntchito. Pansi pa nyumba panali pozira, timatayala tinkangotitimira. Panja panali mchenga. Agogo aakazi akuti anakazungulira kawiri, manja ali m'chiuno, n'kufunsa kuti, "Abambo, ndiye kameneka tiphikira kapena tikhalira?" Funso limenelo linali lanzeru. Ife kulandira mlendo kwathu n'kwina. Mlendo timamuyalira mphasa kapena kumupatsa mpando, wopereka amagwada kapena kunjuta, n'kupereka ndi manja awiri. Thobwa limabwera m'chikho. Pamowa wamasese anthu amakhala mozungulira, mwini mowa amayamba walawa kuti aliyense aone kuti mulibe choipa, kenako chipanda chimodzi chimayenda dzanja ndi dzanja. Wopereka ndi mwini khomo kapena mwana wake, ndipo kupereka ndi ulemu wake. Kangolo kanapangidwira nyumba imene womwa amakhala phee, chakumwa n'kumupeza, wobweretsa n'kubwerera kukhitchini osakhala nawo. Pamudzi pathu panalibe munthu wotero.

Choncho kanaima pakona, n'kuyamba kugwira ntchito ya kabati. Pamwamba panakhala wailesi ya Nzeru, pambali pake koloboyi. M'mabowo a mabotolo agogo aakazi ankaikamo botolo la palafini ndi la mafuta odzola. Makapu a alendo, aja osagwiritsidwa ntchito tsiku wamba, ankakhala pansi atavindikiridwa ndi kansalu koluka. Ife zidzukulu tinkamenyedwa chifukwa chokwezana pa shelefu yapansi n'kumakankhana ngati basi, ndipo galasi lili ndi mng'alu pakona chifukwa cha ine. Pepani agogo.

Mayi amati kanayendapo kamodzi kokha mwaulemu wake wonse, pa ukwati wawo. Madyerero anachitikira m'kalasi ya sukulu ya pulayimale, momwe munali simenti. Agogo anaphika okha keke yosanja katatu mu uvuni wa dothi. Usiku wake anapukuta zitsulo za kangolo ndi phulusa ndi ndimu, n'kudontheza mafuta m'timatayala. Nthawi itakwana analowa akukankha keke ya mwana wawo, atavala jekete ya ku Salisbury ndi nsapato, amayi akululutira. Mayi amati bambo awo ankayenda pang'onopang'ono dala, nsapato zikumveka kwa! kwa! kwa! pasimenti. N'chifukwa chake iwo akamva zogulitsa, misozi imalengeza.

Koma amalume nawo ali ndi mfundo, ndipo sindingawanyoze. Njala ya 2002, imene inasautsa kwambiri boma la Kasungu, inapeza banja lathu lilibe kanthu. Anagulitsa mbuzi, njinga, wailesi, mpaka malata a pakhonde, kuti apeze chimanga ndi gaga. Kangolo anakatengera pamsika kawiri, palibe anakafunsa mtengo. Amalume amati kanthu kamene kanalephera kugula ndowa imodzi ya chimanga ana akulira, lero kakufuna kulipira ngongole yake, ndiye tikaletserenji? Kwa iwo, matumba awiri a feteleza ndi malipiro aja a miyezi itatu, ongofika mochedwa ndi zaka zoposa 40.

Zotsalira za maesiteti zili ponseponse ku Kasungu, ndipo anthu akhala akuzipezera ntchito. Njerwa za mabalani akugwa zinamanga nyumba ndi makalasi. William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali mnyamata, zina mwa zipangizo zake anazitola pa mulu wa zitsulo zotayidwa pa esiteti yakale ya fodya. Lamulo nalo linasintha. Kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, ndipo lero mabelo awo amagulitsidwa pa Chinkhoma pomwepa, ena ku Kanengo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti, ngakhale aliyense woyenda m'minda ya ku Kasungu akudziwa kuti za papepala zimachedwa kufika m'chigafa.

Tsopano tingolo timeneti tabwereranso m'fasho. Pa intaneti amatitcha vintage, ndipo m'mizinda anthu akutisaka kuti akongoletsere pabalaza, m'malo odyera ndi m'malo ogona alendo. Ndaona zithunzi zambiri: galasi likunyezimira, mabotolo atandandalikidwa, duwa m'kabotolo, ndimu wodulidwa bwino. Pa zithunzi zonsezo chogwirira chimakhala chopanda dzanja. Wogula amafuna kukongola kwa masiku amenewo, ndipo palibe cholakwa kukonda chinthu chopangidwa mwaluso. Ine nanenso ndimakaona kukongola. Chimene chimandivuta n'chakuti kakachoka kwathu kadzangokhala katebulo ka azungu akale, pamene munthu amene anakagwira zaka zonse zija, amene zala zake zinafufutitsa utoto wa pa chogwirira, ndi mkamwini wa pamudzi pathu. Mabuku a mbiri ya fodya ali ndi mayina a makampani, a malamulo ndi a mabwana. Makhukhi, ochapa ndi matenanti mulibemo mayina awo. Chimene chatsala chowakumbukira ndi zinthu ngati zimenezi, ndi nkhani za ana awo amene nawonso akukalamba.

Mlandu wathu tinaugamula chonchi, ngati n'kugamula. Ine ndinawagulira amalume thumba limodzi la feteleza, lachiwiri ndi ngongole yanga, ndipo amandikumbutsa pafoni Loweruka lililonse. Kangolo kali kwa mayi anga, pamwamba pali batire ya sola yotchajira mafoni. Amalume anenetsa kuti chaka chikadzavuta nkhaniyi idzadzukanso, ndipo ine sindingalumbire kuti tidzakana. Ndiye ndinakhala pansi ndi mayi, n'kulemba papepala dzina la agogo, mudzi wawo, zaka zimene anagwira ntchito, za miyezi itatu ija ndi za keke ya ukwati. Pepalalo ndinalikulunga m'pulasitiki n'kulikhomera kunsi kwa shelefu yapansi. Kakadzagulitsidwa, wogula akadzakatembenuza kuti adontheze mafuta m'timatayala, adzawapeza agogo pamenepo.

Nanga inu abale, kwanu kuli chiyani chimene chinabwera ndi agogo kuchokera ku Joni, ku Salisbury, ku migodi ya ku Zambia kapena ku esiteti? Mwina ndi sutikesi yachitsulo, makina osokera a Singer, wotchi ya pakhoma kapena mbale imodzi yosadyera aliyense. Musanagulitse kapena kutaya, kafunseni akuluakulu amene adakali moyo kuti chinabwera bwanji, ndipo mutiuzeko pansipa. Tionane sabata yamawa.